Nkhope za pa sitampa: ulamuliro wa atsamunda monga unkaonekera ku Lundazi

Sitampa ya kobiri limodzi ya Northern Rhodesia, yomwe inayamba kugulitsidwa pa 1 Epulo 1925, ndi kapepala kofiirira, kakang'ono koti chala chimodzi chingathe kukaphimba. Pamwamba pali mutu wa Mfumu George V ya ku Britain itayang'ana cham'mbali. M'munsi mwake muli nyamalikiti ndi njovu. Kwinako ndi dzina la dziko ndi mtengo wa sitampayo.

Nkhope ya munthu wakuno palibe.

Kapepala kameneka ndi komwe kalaliki wa pa boma la Lundazi ankang'amba n'kupatsa mphunzitsi wochokera ku mishoni ya Chasefu, kapena mayi amene wabwera ndi kalata yolembetsa kwa mwana wasukulu, yopita kwa mwamuna wake ku migodi. Wogulayo ankanyambita kuseri kwake n'kukamata pakona ya envulopu. Kenako chidindo chakuda chokhala ndi dzina la Lundazi ndi tsiku chinkagwera pamutu pa mfumuyo, kalata n'kulowa m'thumba la mtokoma.

Masitampa onse amene anagwira ntchito m'derali kuyambira 1891 mpaka 1968 akandandalikidwa patebulo, amafotokoza bwino nkhani imodzi: mwini dziko anali ndani pa nthawi iliyonse, ndipo m'dzikomo ankaonamo chiyani.

Mwambo woika mutu wa mfumu pa sitampa unayambira pachilumba cha Britain mu 1840, pomwe sitampa yoyamba padziko lonse, Penny Black, inatuluka ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Mu 1847 chilumba cha Mauritius chinakhala dziko loyamba mwa maiko olamulidwa ndi Britain kusindikiza masitampa a boma, ndipo nawonso anali ndi nkhope yomweyo. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene mbendera ya Britain inakafika, sitampa inkatsatira pambuyo.

Koma kuno sinayambe ndi mfumu. Inayamba ndi kampani.

Dziko la kampani

Mu Okutobala 1889 Cecil Rhodes analandira chilolezo cha Mfumukazi Victoria chokhazikitsira British South Africa Company. Kampaniyi inapatsidwa mphamvu zolanda malo, kukumba miyala, kusunga apolisi ndi kuyendetsa mtokoma. Masitampa ake oyamba sanali ndi nkhope ya munthu aliyense. Anali ndi chizindikiro cha kampani: chishango chogwiridwa ndi nyama ziwiri za ku South Africa zotchedwa springbok, mkango pamwamba, ndipo pansi mawu atatu a Chingelezi onena za chilungamo, malonda ndi ufulu.

Dera la kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa poyamba linkayang'aniridwa kuchokera ku Zomba, pansi pa Harry Johnston. N'chifukwa chake mu 1891 masitampa a kampani anadindidwa zilembo zitatu, B.C.A., zoimira British Central Africa, ndipo ankagwira ntchito mbali zonse ziwiri za malire amene lero agawa Malawi ndi Zambia.

Mu 1895 boma la ku Zomba linatulutsa masitampa akeake, ndipo apa ndi pamene munthu wakuda anaonekera. Anali amuna awiri oimirira uku ndi uku atagwira chishango cha boma, wina ali ndi piki, wina fosholo. Pamwamba panali mtengo wa khofi. Pansi panali mawu otanthauza kuti kuwala mu mdima.

Amuna awiriwa analibe dzina, analibe mudzi. Anajambulidwa chifukwa cha zida zomwe zinali m'manja mwawo.

Zomwe zinkachitika pansi pano zinali zina. Kumapeto kwa 1895 asilikali a Johnston anagonjetsa Mwase Kasungu. Mu Januwale 1898 asilikali anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo anaphedwa powomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Chaka chotsatira Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa Robert Codrington. Msonkho wa nyumba sunachedwe kutsatira.

Malire atsopanowo anatsata mtunda umene umalekanitsa madzi opita ku Luangwa ndi opita ku nyanja ya Malawi. Achewa a Mwase anagawikana, ena ku Kasungu, ena ku Lundazi. Atumbuka ndi Angoni a kuno anasiyanitsidwa ndi abale awo a ku Mzimba. Kalata yochokera ku Lundazi kupita ku Embangweni inkanyamula sitampa ya kampani, yankho lake n'kubwera ndi sitampa ya boma lina, ngakhale olemberanawo anali a chilankhulo chimodzi ndi mpingo umodzi.

Kutsidya kwa nyanja, ku Niassa, kunalinso kampani ina, Companhia do Niassa, yomwe inapatsidwa dera lonselo ndi Apwitikizi. Masitampa ake a 1901, osindikizidwa ku London, anali ndi nyamalikiti ndi ngamira, pamene ngamira si nyama ya kumeneko. Ambiri a masitampawo ankagulidwa ndi anthu osonkhanitsa masitampa ku Ulaya, ndipo kampaniyo inkapezerapo ndalama. Wojambula ankajambula Africa yomwe wogula wa ku Ulaya ankafuna kuona.

Kampani ya Rhodes nayo inapitiriza kudzionetsa. Mu 1905 inatulutsa masitampa a mathithi a Victoria Falls, chaka chomwe mlatho wa sitima pa Zambezi unatsegulidwa. Mu 1909 dzina loti Rhodesia linadindidwa pa masitampa akale. Mu Novembala 1910 kunabwera masitampa a mitu iwiri, Mfumu George V ndi Mfumukazi Mary, amene mpaka lero osonkhanitsa amawalimbirana chifukwa cha kuchuluka kwa mitundu yake. Mu 1913 kunabwera ena oonetsa mfumu yomweyo itavala yunifolomu ya mkulu wa asilikali apamadzi.

Pofika nthawi imeneyo North-Eastern Rhodesia inali itaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia mu 1911, likulu n'kusamukira kutali ku Livingstone.

Mapazi amene ankanyamula makalata

Sitampa payokha siyenda. Kuchokera ku Lundazi kufika ku Fort Jameson ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndipo galimoto zisanabwere thumba la makalata linkayenda pamutu kapena paphewa la munthu. Anyamata a mtokoma a ku Northern Rhodesia ankadziwika ndi yunifolomu yofiira. Ankayenda dzuwa ndi mvula, kuwoloka mitsinje yodzaza, kudutsa m'tchire la mikango, n'kumapatsirana thumba pa malo oikika. M'zaka zoyambirira makalata opita ku Ulaya ankadutsa ku Nyasaland, kutsika ndi Shire ndi Zambezi mpaka ku doko la Chinde.

Ntchito yonse ya positi inagona pa mapazi a anthu amenewa. Pa sitampa ya 1925 ija malo awo anatenga ndi njovu.

Boma la Britain linatenga dzikoli m'manja mwa kampani pa 1 Epulo 1924, ndipo Herbert Stanley anakhala bwanamkubwa woyamba. Patatha chaka chimodzi ndendende masitampa a Northern Rhodesia anatuluka. Pomalizira pake anafika pa mitengo 17, kuyambira theka la kobiri mpaka masheleni 20, osindikizidwa ndi kampani ya Waterlow and Sons ku London.

Chithunzicho chinakhalitsa modabwitsa. Mu 1938 mutu wa George V unachoka, n'kulowa wa George VI. Mu 1953 unalowa wa Elizabeth II. Nyamalikiti ndi njovu sizinasunthe kwa zaka pafupifupi 30.

Nyama zimenezi anthu a ku Lundazi ankazidziwa bwino kuposa wojambulayo. Chigwa cha Luangwa chili kumadzulo kwawo, ndipo nyamalikiti wa m'chigwamo ndi wa mtundu wosapezeka kwina kulikonse. M'mabuku a sayansi anapatsidwa dzina la Harry Thornicroft, mzungu wina wa boma wa ku North-Eastern Rhodesia. Njovu nazo zinkadziwika, makamaka ndi alimi amene zinkawadyera mapira ndi chimanga, pamene malamulo a boma anali atawamanga manja pa nkhani ya kusaka.

Ngakhale zinali choncho, masitampawo analowa m'moyo wa pamudzi. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama ku Lundazi kunalibe. Amuna ankanyamuka wapansi kupita ku mafamu a fodya a ku Fort Jameson, ku Salisbury, ku Wankie, ku migodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ku migodi ya kopa. Chimene chinkalumikiza mwamuna wotere ndi kwawo chinali kalata, nthawi zina yokhala ndi kandalama ka msonkho ndi ka nsalu ya mkazi. Makalata akasiya kubwera, abale ankadziwa kuti munthu uja wasanduka mtchona.

Nyumba ziwiri zachifumu

Mu Meyi 1935 maiko onse a pansi pa Britain anakondwerera zaka 25 za ufumu wa George V. Northern Rhodesia inalandira chithunzi chofanana ndi cha maiko ena ambiri: mfumu kumbali, ndipo pakati nyumba yake yachifumu ya Windsor Castle.

Mwezi womwewo anthu ogwira ntchito ku migodi ya Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ananyanyala ntchito boma litakweza msonkho wa anthu a m'matauni. Ku Luanshya apolisi anawombera, anthu 6 n'kufa. Mu 1940 kunabukanso sitiraka ina, ndipo ku Nkana kunafa anthu 17.

Palibe sitampa ya atsamunda imene inakumbukira anthu amenewa.

Chithunzi cha Windsor chija chili ndi mbale wake ku Lundazi. Pakati pa 1948 ndi 1952 DC wa bomali, Errol Button, anamangitsa nyumba ya alendo ya njerwa, yokhala ndi nsanja zozungulira ndi makoma a mano pamwamba, motengera malinga akale a ku Ulaya. Ndiyo Castle Hotel, yomwe ikadalipo m'mbali mwa damu, ndipo mlendo aliyense wofika pa boma amaionetsedwa. Njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa ndi anthu akuno. Dzina lomwe limakumbukiridwa ndi la DC.

Zaka khumi za chitaganya

Chaka cha 1953 chinadzaza ndi masitampa. Kunali yokumbukira kulongedwa ufumu kwa Elizabeth II. Kunalinso okumbukira zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes, okhala ndi nkhope yake pambali pa mathithi. Chaka chomwecho Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland zinamangidwa pamodzi m'chitaganya chomwe anthu akuda anachikana poyera. Harry Nkumbula, mtsogoleri wa African National Congress, anatentha chikalata cha boma chonena za chitaganyacho pamaso pa khamu la anthu ku Lusaka.

Positi inapita m'manja mwa boma la chitaganya ku Salisbury. Kuyambira pa 1 Julayi 1954 kalata yochokera ku Lundazi inkanyamula sitampa yolembedwa Rhodesia and Nyasaland. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, Lundazi, Mzimba ndi Kasungu zinagwiritsanso ntchito sitampa imodzi, koma pansi pa boma lomwe anthu a mbali zonse ankalida.

Mu 1955 kunatuluka masitampa okumbukira zaka 100 kuchokera pamene David Livingstone anafika pa mathithi mu 1855. Boma linkati ndiye anawatulukira. Anthu a m'mbali mwa Zambezi anali atawadziwa kalekale, ndipo anali ndi dzina lawo, Mosi-oa-Tunya.

Masitampa a 1959 ndiwo amaonetsa bwino kwambiri maganizo a chitaganya. Pali wothyola tiyi. Pali wokumba kopa. Pali fodya, mlatho wa Chirundu, bwalo la ndege la Salisbury, nyanja ya Bangweulu, phiri la Mulanje. Rhodes akupezeka kawiri: manda ake ku Matopos pa sitampa ya tiki, ndi chiboliboli chake pa ya masheleni 5. Munthu wakuda wabwereranso, ndipo monga mu 1895, wabwera ali pa ntchito.

Mu 1960 kunatuluka masitampa a damu la Kariba, oonetsa khoma lalikulu, nyanja yatsopano ndi mawaya a magetsi. Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi kuti madziwo apeze malo. Iwowa pa masitampawo palibe.

Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Masabata atatu chisanathe, pa 10 Disembala, Northern Rhodesia inatulutsa masitampa ake omaliza: mutu wa mfumukazi ndi chizindikiro cha dziko, nkhwazi itagwira nsomba pamwamba pa mizere yoimira mathithi. Pa ena mtengo sunadindike, pa ena nkhwazi inasowa, ndipo olakwikawa lero amagulidwa pa mtengo wokwera. Anagwira ntchito miyezi khumi yokha.

M'miyezi imeneyo Lundazi inaona zoopsa. Mkangano wa pakati pa mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ndi otsatira chipani cha UNIP unasanduka nkhondo m'maboma a Chinsali ndi Lundazi. Kumayambiriro kwa Ogasiti 1964 a Lumpa anaukira boma la Lundazi ndi midzi yoyandikana nalo, anthu ambiri n'kuphedwa. Patapita masiku ochepa anthu obwezera anapha a Lumpa m'mudzi wa Paishuko. Chiwerengero cha boma chinati nkhondo yonseyo inapha anthu oposa 700. Nkhani imeneyi nayo ili m'gulu la zosajambulidwa, ndipo mabanja a m'derali ndiwo akuisunga.

Gule alowa pa envulopu

Pa 24 Okutobala 1964 dziko la Zambia linabadwa. Maola ochepa mbendera isanakwezedwe, British South Africa Company inavomera kusiya umwini wa miyala ya pansi pa nthaka, womwe inaugwiritsitsa ngakhale itasiya kulamulira mu 1924. Inalipidwa mapaundi 4 miliyoni, theka kuchokera ku Britain, theka ku Zambia.

Tsiku lomwelo masitampa atsopano anali pa kauntala. Wa tiki unali ndi Kenneth Kaunda pambali pa mathithi, pamalo pomwe zaka 11 m'mbuyomo panali Rhodes.

Masitampa a tsiku ndi tsiku, okwana 14, anajambulidwa ndi Gabriel Ellison, mayi wobadwira ku Lusaka amene anathandizanso kukonza mbendera ndi chizindikiro cha dziko. Mutu wa mfumukazi unachokeratu. M'malo mwake munabwera mlimi wa chimanga, wogwira ntchito yachipatala, mayi wothyola thonje, asodzi a ku Mpulungu, woluka madengu wa Chitonga, mwana wasukulu.

Kwa munthu wa kum'mawa, masitampa atatu anali apamtima. Wa masheleni awiri ndi sikisi unali wa nkhalango ya Luangwa. Wa makobiri anayi unali ndi nkhunzi ya ng'ombe za Chingoni, mtundu womwewo umene unalandidwa mu 1898. Ndipo wa makobiri awiri unali ndi gule wa Nyau.

Kulemera kwa sitampa ya Nyauyi kumamveka munthu akakumbukira kumene gule anachokera. Amishoni, Akatolika ndi Achipulotesitanti omwe, analimbana naye kwa zaka zambiri, ndipo wolowa kudambwe ankachotsedwa mu mpingo. Mwambo wa Kulamba wa Kalonga Gawa Undi unaletsedwa ndi atsamunda mu 1934. Tsopano chinthu chomwe chinkatchedwa chachikunja chinali pa pepala la boma, chikupita ku London ndi ku Johannesburg pansi pa dzina la dziko.

Pa 16 Januwale 1968 Zambia inasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba kwacha ndi ngwee, ndipo masitampa anasinthanso. Pa wa 25 ngwee panali msilikali wa Chingoni. Pa wa 8 ngwee panali wovina vimbuza, gule wa machiritso wa Atumbuka, amene ng'oma zake zimamveka usiku m'midzi ya Lundazi ndi Chasefu, ndipo mpingo unkamuletsa monga unkaletsera Nyau. Panadutsa zaka 37 kuti bungwe la UNESCO, mu 2005, lizindikire vimbuza, gule wamkulu ndi gule wa makishi monga chuma cha anthu onse.

Ku Malawi kusinthaku kunayenda njira yofanana. Kambuku woimirira pathanthwe wa masitampa a Nyasaland analowedwa m'malo ndi Kamuzu Banda mu 1964, ndipo mu 1965 John Chilembwe, amene atsamunda anamupha monga woukira, anaikidwa pa sitampa pokumbukira zaka 50 za nkhondo yake.

Masitampa a ufulu nawonso anali mawu a boma, ndipo boma lililonse limasankha zoti lionetse. Fodya, kopa ndi nyama zinapitiriza kuoneka monga kale. Chomwe chinasintha n'chakuti mlimi, mwana wasukulu ndi wovina anajambulidwa monga eni ake. Chizindikiro cha Zambia chimanena zomwezo: chishango chimagwiridwa ndi mwamuna ndi mkazi wamba, piki ndi khasu zili pamwamba pansi pa nkhwazi, ndipo nkhwaziyo nsomba ija inaisiya.

Gabriel Ellison anapitiriza kujambula masitampa a Zambia kwa zaka zambiri, makamaka a mbalame, agulugufe ndi miyambo, ndipo anamwalira mu 2017.

Zotsala lero

Positi ya Zambia inapatulidwa ku nthambi ya matelefoni mu 1994, n'kukhala Zampost, yomwe likulu lake lili ku Ndola. Boma la Lundazi nalo linagawidwa mu 2018, Chasefu ndi Lumezi n'kukhala maboma paokha. Ndalama za mwana wa ku Lusaka kapena ku Kitwe tsopano zimafika pa foni, n'kukatengedwa pa kabokosi ka Airtel kapena MTN pamsika. Moni amapita pa WhatsApp. Ana ambiri a sukulu sanamatepo sitampa.

Masitampa akale a Northern Rhodesia ambiri ali m'manja mwa osonkhanitsa ku Britain ndi ku South Africa. Wamba, monga wa kobiri limodzi uja, anasindikizidwa ochuluka ndipo mtengo wake ndi wochepa. Chimene akatswiri amafuna kwambiri ndi chidindo cha maboma ang'onoang'ono akutali, kumene makalata ankatuluka ochepa, ndipo Lundazi ya m'nthawi ya kampani ili m'gulu limeneli.

Ena akadali kuno, m'masutikesi achitsulo ndi m'kati mwa Mabaibulo akale, pa makalata amene agogo analandira kuchokera ku Wankie kapena ku Luanshya. Adani ake ndi chiswe, chinyontho ndi mphemvu. Wopeza kalata yotere asamatule sitampa pa envulopu, chifukwa envulopu yathunthu ndiyo ili ndi zonse: tsiku, positi ofesi yomwe inachokera, maboma amene inadutsa ngati anadinda kuseri, dzina la mudzi ndi la mfumu ya deralo. Iyenera kusungidwa yosapinda, pakati pa mapepala oyera, pamalo ouma ndi opanda dzuwa.